Erin Jackson: mtsikana wa kotentha amene anatenga golide pa ayisi

Takulandirani pa channel yathu kuchokera kuno ku Mulanje. Lero tikamba za masewera oti ambirife sitinawaonepo ndi maso, a speed skating, kuthamanga moterereka pa ayisi. Ndipo munthu wake ndi Erin Jackson wa ku America.

Choyamba timvetsane kaye masewerawo. Bwalo lake ndi lozungulira, mamita 400, pansi ponse madzi oundana. Nsapato yake pansi pali chitsulo chachitali chopyapyala ngati mpeni, pafupifupi milimita imodzi basi kunenepa kwake, ndiye kutsogolo kuli hinji moti munthu akamakankha chidendene chimanyamuka koma chitsulo chija chimatsala chikugwirabe ayisi, mphamvu yonse ya mwendo imapita pansi osataika. Amathamanga awiriawiri, aliyense mzere wake, akumasinthana mizere, ndipo wopambana amamudziwa ndi wotchi, osati kuti wampitirira mnzake uja ayi.

Tsono Erin anabadwa 1992 ku Ocala, Florida. Kumeneko nkotentha abale, ayisi wa pabwalo sungamupeze wamba. Ife bola pa Sapitwa mu June ndi July chisanu chimaundana pa udzu. Erin anakulira pa nsapato za matayala, za inline zija, pansi pa kochi Renee Hildebrand, mayi amene anaphunzitsanso Brittany Bowe ndi Joey Mantia, onse a tauni yomweyo ndipo onse anakafika ku Olimpiki. Sukulu sanaisiyenso, anamaliza digiri ya materials science and engineering pa University of Florida mu 2015.

Pa ayisi wabwera mochedwa zedi. Atangophunzira mwakhama miyezi inayi yokha, mu January 2018 analowa timu ya America yopita ku Olimpiki ya nyengo yozizira ku PyeongChang, South Korea, komwe anathera pa nambala 24 pa mamita 500. Ena anganene kuti 24 ndi kutali, ine ndimati ayi, anzake aja anayamba ayisi ali ana. Pofika November 2021 anawina mpikisano wa World Cup ku Poland, mkazi wakuda woyamba kutero.

Apa ndiye pamene pali nkhani. January 2022 ku Milwaukee, mpikisano wosankha opita ku Olimpiki ya ku Beijing, Erin ali nambala wani padziko lonse pa mamita 500, ndiye mkati mothamanga phazi linaterereka, sanagwe koma kanthawi kakang'ono komweko kanamuponya pa nambala 3 pomwe malo otsimikizika anali awiri okha. Zaka zinayi zokonzekera kuthera pa phazi limodzi! Amene anawina tsikulo anali Brittany Bowe, mnzake wa ku Ocala uja amene anamudziwa kuyambira ali wamng'ono, ndipo Brittany anangopereka malo akewo kwa Erin. Taganizani, malo a ku Olimpiki, iwe wawina mwachilungamo, nkumupatsa mnzako chifukwa ukudziwa mumtima kuti pa mtunda umenewu iye ndi amene angabweretse mendulo. Ine zimenezi zimandikhudza kuposa golideyo.

Pa 13 February 2022 ku Beijing, Erin anathamanga mamita 500 mu masekondi 37.04. Mukawerengetsa ndi pafupifupi makilomita 49 pa ola, ndi miyendo yokha, komanso wayambira poima. Anaposa Miho Takagi wa ku Japan ndi masekondi 0.08 okha, kuphethira kumachedwa. Anakhala mkazi wakuda woyamba kuwina golide payekha pa Olimpiki ya nyengo yozizira, komanso mkazi woyamba wa ku America kuwina mamita 500 chichokereni Bonnie Blair mu 1994.

Ine ndikamaona anyamata ndi atsikana athu pa Porters Race akukwera phiri nkutsika ngati palibe, miyendo ilipo kuno ndithu. Ku Ocala chimene chinalipo ndi kochi mmodzi wokhazikika ndi malo ochitira pulakatisi, ndipo izi kuno zikusowa, zimandiwawa.

Mwina mukufunsa kuti nanga Brittany zinamuthera bwanji? America inadzapatsidwa malo ena owonjezera moti mamita 500 aja anathamanganso, kenaka pa mamita 1000, mtunda wake weniweni, anatenga mendulo ya bronze. Lembani mmakomenti wamasewera amene mukufuna tidzamukambe mu vidiyo ikubwerayi.