Kuyamikira munthu wachitsanzo chabwino popanda kulanda Mulungu ulemerero

[Pa sikirini: Afilipi 2:25-30]

Mpingo wakupatsani ntchito yolankhula mawu oyamikira munthu amene watumikira mokhulupirika, kaya ndi mkulu wa mpingo, mphunzitsi wa ana, kapena mayi amene sakhala pansi akamva kuti wina wadwala. Akhristu ena amaopa kuti kutamanda munthu n'kulanda Mulungu ulemerero. Mantha amenewo ali ndi chifukwa chake, koma onani zimene Paulo anachita. Pobweza Epafrodito kwawo ku Filipi, anauza mpingo kuti umulandire mokondwera ndi kulemekeza anthu otere. Chifukwa anachitchulanso: munthuyo anamubweretsera thandizo kundende, ndipo anadwala mpaka kutsala pang'ono kufa pa ntchito ya Khristu.

Ndiye yambirani pa zimene munthuyo anachita.

[Pa sikirini: Machitidwe 9:36-42]

Dorika atamwalira ku Yopa, amasiye anazungulira Petro akulira, akumuonetsa malaya ndi zovala zimene mayiyo ankasoka. Umboni unali m'manja, woti aliyense n'kuugwira. Mawu anu akhalenso otero. Kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri, funsani anthu atatu amene amamudziwa mosiyana: wa m'banja, mnzake mu utumiki, ndi wina amene anathandizidwapo. Musafunse kuti ndi munthu wotani, chifukwa onse adzangoti ndi wabwino, wodzichepetsa. Funsani kuti, "Ndi tsiku liti limene anakuchitirani chinthu chimene simuchiiwala?" Pa nkhani zonsezo sankhani ziwiri, zikachuluka zitatu, ndipo zaka ndi mayina muzitsimikize kwa munthu wachiwiri. Mukalakwitsa chaka, achibale amayamba kunong'onezana, mawu enawo samvekanso.

Zonse zikwane mphindi 3 mpaka 5. Werengani mokweza muli ndi wotchi. Munthuyo mumutchule dzina ndi utumiki wake m'ziganizo ziwiri, nthawi yaikulu ipite pa nkhani zija, kenako muwerenge vesi limodzi logwirizana ndi ntchito yake, mumalize ndi pemphero loyamika Mulungu amene anamupatsa mphatsoyo. Paulo amatero kawirikawiri m'makalata ake: amayamika Mulungu chifukwa cha anthu, anthuwo akumva.

[Pa sikirini: Machitidwe 14:8-18]

Vuto lalikulu ndi kukokomeza. Ku Lustra, wansembe wa Zeu, mulungu wa Agiriki, anabwera ndi ng'ombe ndi nkhata zamaluwa kuti apereke nsembe kwa Paulo ndi Barnaba, iwo n'kung'amba zovala zawo, akufuula kuti ndi anthu ngati ena onse. Masiku ano palibe amabweretsa ng'ombe, koma mawu oti "popanda iwowa mpingo uno ukanatha" akulowera komweko. Kunena kuti sanalakwirepo munthu n'chimodzimodzi, ndipo ana ake ali pompo akudziwa kuti si zoona. Simukufunika kufukula zolakwa zake. Ingopewani kunena kuti analibe. Ahebri 11 amatchula Samsoni ndi Davide chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ngakhale kugwa kwawo kunalembedwa poyera.

China chimene ambiri sachiganizira ndi manyazi a wothandizidwa. Mukanena kuti analipirira sukulu mwana wa uje, mwakweza mmodzi n'kuchititsa manyazi banja lonse. Dzina lichotseni, kapena mupemphe chilolezo. Woyamikiridwayo, ngati ali moyo, mumufunsenso, chifukwa ena anapereka mwamseri potsatira Mateyu 6:3-4 ndipo safuna kuti zidziwike.

Musamuyerekeze ndi amene akulowa m'malo mwake, ndipo musasandutse nthawiyo yodzudzulira aulesi. Anthu amazindikira msanga mawu okuluwika.

Atsogoleri nawonso ayang'ane amene akhala akuyamikiridwa zaka zapitazi. Ngati onse ndi opereka ndalama zambiri, werengani Yakobo 2:1-4 musanasankhe wina. Pa Aroma 16 Paulo akupereka moni kwa anthu oposa 20, ndipo za mayi wina dzina lake Mariya wangonena kuti anagwira ntchito molimbika. Wosesa m'tchalitchi ndi woyala mipando alowe pa mndandandawo, ndipo mwambowo muukonze iwo akadali ndi mphamvu zobwera kudzamva okha.