Ukafera kumeneko, adzadziwa bwanji kuti ndiwe wanga?

Muli bwanji nonse, a ku Kapata, a ku Mchini, ndi inu amene mukundimvera muli pa ntchito ya usiku ku Joni. Lero ndikujambula ndili pakhonde pa amayi kuno ku Chipata, ndiye mukamva tambala kapena belu la njinga musadabwe. Ndabwera kuchokera ku Pretoria, ku South Africa, kudzapuma masabata atatu okha.

Dzulo tili pa nsima amayi anandiyang'ana nkuti, "Mwanawe, ukafera kumeneko, adzadziwa bwanji kuti ndiwe wanga?" Ndinaseka, koma ndiwo zinasiya kukoma. Funso limeneli lakhala likundivutitsa kuyambira 2019.

Chaka chimenecho, mu Juni, nthawi imene chisanu cha Pretoria chimalowa mpaka m'mafupa, amuna asanu ogona panja anapezeka ataphedwa m'dera la Muckleneuk, mmodzimmodzi, m'masabata ochepa. Ena anabayidwa, ena anamenyedwa ndi chinthu cholemera. Ine ndine mlonda ku Sunnyside, mtunda wongoyenda pansi kuchokera kumeneko, ndipo anthu oterewa ndimawadziwa. Ndi amene amadzuka mdima ulipo kukatola mabotolo ndi zitini m'mabini, akukoka matumba aakulu pa tingolo. Atamva za imfazo anayamba kugona m'magulu, wina akugona wina ali maso.

Apolisi akafika pamalo otere amazinga ndi tepi, ndipo palibe wololedwa kuponda. Poyamba ndinkayesa ndi matama chabe. Ayi ndithu. Chidindo cha nsapato, kachidutswa ka ndudu, khungu lotsalira m'zikhadabo za womwalirayo pamene ankalimbana, zonsezi ndi mboni. Ngakhale mphutsi, abale anga. Ntchentche zimaikira mazira pa mtembo mwamsanga, ndiye katswiri akaona msinkhu wa mphutsi amatha kuyerekeza kuti munthuyu wagona apa masiku angati. Kumotchale dokotala amayeza chilonda, kuya kwake ndi kumene mpeni unalowera. Zilonda zikafanana pa mitembo itatu, malo ofanana, nthawi yofanana, apolisi amayamba kuganiza kuti dzanja ndi limodzi.

South Africa inaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu 1994 ndi 1995 Moses Sithole ankanyenga akazi kuti awapezera ntchito, nkupita nawo kutchire ku Atteridgeville, Boksburg ndi Cleveland. Katswiri wa maganizo a zigawenga, Micki Pistorius, anali m'gulu lofufuza, ndipo DNA, chizindikiro cha munthu chopezeka m'magazi, m'malovu ndi m'khungu, inathandiza kumumanga mlandu. Mu 1997 khoti linamupeza wolakwa pa kupha anthu 38, nkumulamula zaka 2,410. Tamverani nyambo yake: ntchito. Ndani wa ife anakwera basi pa Great East Road osafuna chimenecho?

Koma apa ndi pamene pandiwawa. Sayansi yonseyi imatha kukuuza kuti munthu anafa liti, anafa bwanji, mwina ndi amene anamupha. Dzina lake siingalitulutse m'mwamba. Zidindo za zala amakazifanizira ndi zimene boma la kumeneko linasunga. Ngati unalowa mozemba, sunamangidwepo, reji yako, chitupa cha dziko chija, unaisiya m'sutikesi kwa ambuya ku Katete, kompyuta ingoti palibe. DNA nayonso imafuna wachibale woti ayezedwe malovu. Wachibale wako ali ku Vubwi akulima fodya, sakudziwa nkomwe tauni imene uli. Pakatha masiku 30 popanda wobwera kudzazindikira, lamulo limalola kuti boma likuike lokha. Palibe khwaya, palibe adzukulu, palibe womwaza dothi. Nambala basi.

Panali bambo wina amene ankadutsa pageti pathu m'mawa uliwonse ndi kangolo kake. Tsiku lina ndinamumva akutukwana galu m'chinenero chathu, ndinaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo ndinkamusungira tiyi m'kabotolo. Ndinkangomuti "achimwene", iye nkumanditi "bwana mlonda". Anandiuza kuti kwawo ndi kufupi ndi malire a Mwami, koma mbali iti sananene, inenso sindinafunse. Kumeneko kufunsa munthu dzina lenileni kuli ngati kumuopseza. Anali ndi mphini ziwiriziwiri m'mbali mwa maso, ngati za agogo anga. Ndinamva pambuyo pake kuti a kumotchale amalemba zizindikiro zotere, mphini, zipsera, dzino loguluka, ndipo amajambula zithunzi kuti wachibale akadzabwera mochedwa apeze poyambira.

Chisanu chimenecho chisanathe anasiya kubwera. Sindikunena kuti anali mmodzi wa asanu aja, mwina anangosamukira dera lina chifukwa cha mantha, ambiri anatero. Ndinaganiza zopita kupolisi, koma ndikanati ndikufuna ndani? Achimwene?

Ndiye usiku wathawu ndinatenga kope la mdzukulu wa amayi, ndang'amba pepala, ndalembapo msewu umene ndimakhala, nambala ya mnzanga wa ku Lundazi amene timagona nyumba imodzi, ndi chipsera cha khasu chili pamwendo wanga wakumanzere. Amayi apinda kanayi, aika m'Baibulo mwawo. Akundiitana tsopano, phala lapsa. Tionana sabata ya mawa.