Kodi pemphero lingayezedwe ngati mankhwala?

[Wolankhula akuyang'ana kamera]

Moni nonse. Kodi munthu akamapempherera wodwala, wodwalayo amachira msanga? Asayansi anayesapo kuwerengera zimenezi, ndipo si dzulo.

Mu 1872, Francis Galton wa ku England anaganiza motere: banja lachifumu limapemphereredwa m'matchalitchi a dziko lonse Lamlungu lililonse. Ngati pemphero limatalikitsa moyo, ndiye kuti achifumu ayenera kumafa atakalamba kwambiri. Atawerengera zaka zawo, anapeza kuti sankaposa anthu ena opeza bwino.

[Pa sikirini: 2006, odwala 1,802]

Kafukufuku wamkulu zedi anatuluka mu 2006, motsogozedwa ndi Dr. Herbert Benson wa ku yunivesite ya Harvard. Anatenga odwala 1,802 okachitidwa opaleshoni ya mitsempha ya mtima m'zipatala 6 za ku America, n'kuwagawa patatu. Magulu awiri anauzidwa kuti mwina apemphereredwa, mwina ayi. Limodzi linapemphereredwadi, linalo ayi. Gulu lachitatu linauzidwa poyera kuti lipemphereredwa. Opemphera anali Akhristu osawadziwa odwalawo. Ankangopatsidwa dzina loyamba ndi chilembo choyamba cha dzina la bambo, n'kupemphera masiku 14.

Zotsatira zake? Mwa opemphereredwa osadziwa, 52 pa 100 aliwonse anakumana ndi zovuta pambuyo pa opaleshoni. Mwa osapemphereredwa, 51. Kusiyana kwenikweni kulibe. Koma mwa omwe ankadziwa kuti akupemphereredwa, anali 59. Ena amaganiza kuti nkhawa ndiyo inachititsa: munthu uli pabedi, akukuuza kuti gulu la anthu layamba kukupempherera, ungalephere kudzifunsa kuti, "Kodi ndadwala chonchi?" Chimenechi n'chongoganizira chabe, kafukufukuyo sanachitsimikize.

Ndiye basi, chikhulupiriro chagwa? Taimani kaye.

Chomwe chinayezedwa ndi pemphero lochitidwa ngati mlingo wa mankhwala: mawu awa, masiku awa, zotsatira izi. Okhulupirira ambiri amati Mulungu sakakamizidwa choncho, ndipo amatchula Mateyu 4:7, pomwe Yesu akukana kuyesa Mulungu. Baibulo lenilenilo lili ndi mapemphero omwe sanayankhidwe monga anapemphera. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, koma sunachoke. Ku Getsemane, Yesu anapempha kuti chikho chimupitirire, komabe mtanda anausenza.

Koma apa tisazembe. Ngati tikuti kuchira ndi yankho, kusachira ndi yankhonso, ndiye kuti palibe chomwe chingatsutse mawu athu, ndipo tisamanene kuti tili ndi umboni wa sayansi. Ndi chikhulupiriro, ndipo kuchitchula choncho si manyazi.

Kwa ine, kafukufukuyu akuvuta kwambiri anthu omwe amalonjeza machiritso otsimikizika, n'kumauza wodwala kuti ataye mankhwala, kenako akamwalira n'kumati chikhulupiriro chake chinali chochepa. Mayi wogwada pambali pa bedi la mwana wake usiku, atagwira kadzanja komwe kali ndi dripu, sakuchita zimenezo. Iye akutula mantha ake kwa Mulungu kuti apeze mphamvu zofikira m'mawa, ndipo namwino akabwera ndi jakisoni amamupatsa mpata. Zomwe zimachitika mumtima mwa mayi ameneyu, a Benson sanaziike m'mawerengero awo.