Mawu a M'mawa: Ntchito Yobwerera Tsiku ndi Tsiku

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo okondedwa mwa Ambuye? Mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa Eksodo 19:10-14, pamene Yehova anauza Mose kuti apite kwa anthu akawapatule, ndipo iwo achape zovala zawo, kuti akhale okonzeka pa tsiku lachitatu limene Iye adzatsikire pa phiri la Sinai.

Pa ntchito zonse za pakhomo, kuchapa kumalemetsa mtima mwa njira yakeyake, chifukwa sikudziwa kutha. Mayi amaviika zovala usiku, amalawirira kumjigo kukatunga madzi, amafikisa kolala ya malaya a sukulu mpaka zala kuchita makwinya ndi sopo, kenaka amatsukuluza, kufinya ndi kuyanika pa chingwe, koma asanaanule n'komwe, mwana wabwera kale kuchokera kosewera kabudula ali psuu ndi dothi. Pakhomo pamene pali khanda, matewera sadikira Loweruka, ndipo pamene pali wodwala, zofunda zimachapidwa ngakhale wochapayo asanagone tulo tokwanira. M'nyengo ya mvula, kapena m'masiku a chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje, zovala zimachezera pa chingwe osauma. Kusita nako sikungodumphidwa, pakuti moto wa nsimbi ndi umene umapha mazira a ntchentche zoikira pa nsalu zoyanikidwa pansi, amene akasiyidwa amasanduka mphutsi m'khungu la mwana. N'chifukwa chake munthu woopa Mulungu angathe kufunsa mumtima mwake kuti, kodi ndikuvutikiranji ndi ntchito imene mawa idzaoneka ngati sinagwiridwe?

Tiyeni tione pamene Aisraele anali pomva lamulo limeneli. Unali mwezi wachitatu chitulukire m'dziko la Ejipito, ndipo anali atangochoka ku Refidimu, kumene pa Eksodo 17 timawerenga kuti anakangana ndi Mose chifukwa chosowa madzi akumwa. M'chipululu chotero, mmene madzi anali chuma, Mulungu sanawaitanitse zovala zatsopano kapena zokongoletsa zagolide. Anawauza kuti achape zomwezo zimene anali nazo, zafumbi la ulendo, ndipo ntchito wamba imeneyi anaiika m'kati mwa kukonzekera kukumana naye. Amene akuwerama pa beseni m'mawa uno asadzione ngati ali kutali ndi zinthu zopatulika.

Palinso china chimene chimandikhudza kwambiri. Deuteronomo 8:4 akutiuza kuti kwa zaka 40 zovala za anthu amenewa sizinathe pathupi pawo. Mulungu amene anachita chozizwitsa chotere akanatha kuletsanso kuti zisade, koma sanatero, ndipo m'buku la Levitiko lamulo la kuchapa zovala likubwerezedwa kambirimbiri. Anawateteza ku usiwa, koma ntchito ya manja awo anawasiyira. Chovala chimada chifukwa mwini wake ali moyo, akulima, akuphunzira, akuyenda, ndipo aliyense amene anapindapo komaliza zovala za wokondedwa wake womwalira amadziwa kuti mulu wa zochapa ndi umboni wakuti nyumba idakali ndi anthu.

Komabe sindingalankhule zoona ndikanena kuti mawu awa akungolimbikitsa amayi kupirira. Lamulo la pa Sinai linapita kwa anthu onse. Pa Numeri 19:7 wansembe akulamulidwa kuchapa zovala zake, ndipo pa Levitiko 16:26 munthu amene waperekeza mbuzi kuchipululu akulamulidwa chimodzimodzi. Sibwino kuti bambo ndi anyamata akuluakulu azingovula n'kuponya pakona, pamene munthu mmodzi akuthyoka msana chifukwa cha banja lonse. Mnyamata amene wafika potha kunyamula ndowa wafikanso potha kuchapa yunifolomu yake. Ndipo inu amene mumalemba munthu waganyu kuti akuchapireni, kumbukirani Deuteronomo 24:15, pamene talamulidwa kupereka malipiro a waganyu wosauka tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Mulungu mwini ndi amene amagwira ntchito yobwerezabwereza koposa tonsefe. Mana, chakudya chimene ankapatsa Aisraele m'chipululu, ankatsika m'mawa uliwonse kupatula pa Sabata, ndipo Maliro 3:22-23 akunena kuti chifundo chake sichitha, chimaoneka chatsopano m'mawa ndi m'mawa. Ife timabwera kwa Iye lero ndi zolakwa zomwe zija anatikhululukira dzulo, tikupempha monga Davide pa Salimo 51 kuti atitsuke, ndipo Iye satibweza kapena kutiwerengera kuti tabwera kangati.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikuika m'manja mwanu onse amene adzuka ndi mulu wa zochapa, amene sopo wawathera, amene akupita kutali kukatunga madzi, ndi amene akusamala odwala ndi makanda. Limbitsani manja awo ndi misana yawo, chotsani kudandaula m'mitima yawo, ndipo tsegulani maso a ena onse a m'nyumbamo kuti aone katunduyu ndi kumunyamula limodzi. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.