Foda ya pa seva ikukana kuti Permission denied? Yambani mwaona disiki yomwe mwamaunta

Muli bwanji anzanga, takulandiraninso. Lero tikambe za vuto lomwe linandidyera Loweruka lonse, ndipo ndikudziwa ena mwa inu likukusowetsani tulo pompano. Muli ndi seva ya Linux, mwagawa foda kudzera pa NFS (njira yogawirana mafoda pa netiweki) kuti anthu a mu ofesi azisungamo mafayilo, zonse zimayenda bwinobwino, ndiye mwalumikiza disiki yatsopano pa sevapo basi aliyense akati aseve kanthu akungouzidwa Permission denied.

Chonde musathamangire chmod 777, lamulo lopatsa aliyense chilolezo chowerenga ndi kulemba mu foda. Ambirife timathawira komweko koma kawirikawiri sithandiza, ndipo ikathandiza ndiye kuti mwasiya chitseko chosatseka kwa wina aliyense.

Taonani pa sikirini apa. Foda iyi ndi /srv/data, ndaipanga chown (kusintha mwini wake), ls -ln ikuonetsa 1000 1000, manambala a mwini wake ndi gulu lake. Tsopano ndikumaunta disiki ya ext4 yongofomata kumene pamalo omwewa, ndiye kuti kuilumikiza kuti izionekera pa foda imeneyi... ls -ln kachiwiri. Mwaona? 0 0, ya root, akaunti yolamulira sisitimu yonse. Foda ija sinasinthe ayi, yangophimbika, zili ngati mwayala mphasa pamwamba pa inzake, mlendo akabwera amakhala pa yapamwambayo. Zilolezo zomwe anthu akukumana nazo ndi za disikiyo. Ndiye chown muzipanga disiki ili yomaunta kale, ndipo findmnt /srv/data ikuuzani ngati ilipodi.

Wina anena kuti koma ine ndayika sudo, kuti ndilamule ngati root, pa kompyuta yanga ndipo ikukanabe. Eya, imeneyo ndi root_squash, imabwera yoyatsa kale. Seva ikaona root wochokera kwina imamusandutsa nobody, nambala 65534, ndipo ndi bwino zikhale choncho, musazimitse. NFS inapangidwa ndi a Sun Microsystems mu 1984 ndipo mmene ambiri timaigwiritsira ntchito imayang'ana nambala ya akaunti ya munthu osati dzina. Pa Ubuntu munthu woyamba amapatsidwa 1000, wachiwiri 1001, ndiye mutha kukhala ndi dzina lomwelo mbali zonse ziwiri koma manambala osiyana, seva nkukuonani ngati munthu wachilendo. Lembani id mbali zonse mufananize.

Pomwe ine ndinakodwa ndi apa. Disiki yanga inali ya NTFS, yochokera pa Windows, ndinapanga chmod kambirimbiri osasintha kanthu, chifukwa pa NTFS ndi exFAT mwini wake ndi zilolezo zimaikidwa nthawi yomaunta. Mu /etc/fstab, fayilo yonena momwe madisiki azimauntidwira, pa mzere wa disikiyo mulembe uid=1000,gid=1000,umask=002. Komanso ngati disiki yadzimaunta yokha ku /media/dzina-lanu, kumeneko amalowa ndi inu nokha, anthu a Samba (njira ina yogawira mafoda) kaya NFS abwezedwa pakhomo. Tengani UUID yake, nambala yozindikiritsa disiki, ndi blkid muisamutsire ku /srv.

China, ngati mu /etc/exports, fayilo yolembamo mafoda omwe NFS ikugawa, mwagawa /srv koma disiki ili pa /srv/data, anzanu aona foda yopanda kanthu kapena yokana kulemba. Onjezani crossmnt, apo ayi muigawe payokha pa mzere wake, kenako exportfs -ra, ndipo exportfs -v ikuonetsani zomwe zagwiradi.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi cha magetsi. Athima, abwera, seva yayaka koma disiki sinamaunte, NFS yagawabe foda ya pansi ija. Ngati ndi ya root anthu akukanidwa, ngati munaitsegula anthu akusevera pa disiki ya sisitimu osadziwa, mawa disiki yeniyeni ikamaunta mafayilo awo nkubisika pansi, munthu nkumalira kuti lipoti lake lasowa. Ikani mawu oti mountpoint pa mzere wa mu /etc/exports kuti foda isagawidwe disiki isanamaunte. Tiyeni tiyese limodzi, ndikupanga umount /srv/data, exportfs -ra, tsopano taonani ku kompyuta inayo.