Maiki ya pa kick: gwadani kaye pa siteji musanagwire EQ

Eee achimwene, uthenga wanu uja ndaumva. Pepani ndachedwa kuyankha, ndimafuna ndikhale pansi kaye, nkhani ya maiki ya pa kick, ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi ija, siyofotokoza munthu ukuyenda. Mwati usiku uja kick imangomveka ngati wina akumenya katoni, ndipo mutakweza bass pa mikisa, makina osakanizira mawu aja, masipika anayamba kulira, wuuu. Chabwino. Ndiyankhula pang'onopang'ono, pomwe simunamve mubwereze.

Poyamba chotsani dzanja pa mikisa. Eetu, chotsani. Mwa mavuto onse a kick amene ndakumana nawo, ambiri sanali pa mikisa, anali pansi paja pamene maiki yaima. Mukaisuntha maiki masentimita 5 okha mkati mwa ng'oma, mawu amasintha kuposa momwe mungawasinthire mutapotokola mabatani a EQ, aja okweza ndi kutsitsa mawu apansi, apakati ndi apamwamba, mpaka zala kutopa. Ndiye ntchito imayambira pa maondo, pa siteji, osati ku mikisa.

Tiyambe ndi ng'omayo. Kick ili ndi zikopa ziwiri. Cha kumbuyo, chimene chili kumbali ya woimba ng'omayo, ndi chomwe bita, kandodo ka pa pedulo kaja, imamenya akaponda pedulo. Cha kutsogolo, choyang'ana anthu, sichimenyedwa, chimangonjenjemera ndi mpweya wa mkatimo, ndipo nthawi zambiri chimakhala ndi bowo la mainchesi 4 kapena 5. Ng'oma zambiri zimene mudzakumane nazo ndi za mainchesi 22, zina 20, oimba jazz amakonda za 18. Tsono mu ng'oma imodziyi muli mawu awiri. Pali kaja kakuti "tak", pamene bita yagunda chikopa, kamakhala pamwamba, cha m'ma 3 mpaka 5 kHz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu, kHz imodzi ndi Hz 1,000). Ndiye pali "duu" uja wolowa pachifuwa, amakhala pansi, cha m'ma 50 mpaka 80 Hz. "Tak" amabadwira pa chikopa cha kumbuyo. "Duu" amakhwima kutsogolo, cha ku bowo kuja, chikopa chachiwiri chikayankha. Mukagwira zimenezi basi, zotsalazo n'zongoyenda pakati pa malo awiriwa.

Tsono chitani chonchi. Tengani sitandi yaifupi, ya tsinde lolemera, lowetsani maiki pa bowo mpaka mutu wake ufike cha pakati pa ng'oma. Pamenepo ndi pomwe ine ndimayambira tsiku lililonse, kaya ndi bandi yanji. Muuzeni woimba aponde, koma aponde ngati mmene adzapondere nyimbo ikatentha, osati kukhudzakhudza kuja amachita pa sound check akucheza ndi mnzake. EQ ikhale flat, osakweza kapena kutsitsa kanthu, gate (yotseka maiki pakakhala chete) yozimitsa, compressor (yobweza mawu akakwera kwambiri) yozimitsa. Mvetserani pa masipika aakulu, osati pa mahedifoni okha.

Ngati mukumva "duu" wambiri koma kick ikusowa magitala akalowa, kankhirani maiki mkati, ifike masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pa chikopa cha kumbuyo. "Tak" adzatulukira poyera. Koma apa pali kanthu. Musailozetse ndendende pamene bita ikumenya. Pakatikati penipeni pa chikopa pamatulutsa kamawu kouma, kopanda thupi, ngati mukumenya beseni lapulasitiki. Isunthireni pambali pang'ono, pakati pa malo a bita ndi m'mphepete mwa ng'oma, kenako muipendeketse kuti iyang'ane ku bita mwa chammbali. Mukatero mumapeza "tak" ndi kathupi pang'ono limodzi. Ngati m'malo mwake mukumva "tak" yekhayekha, kick yoonda, bwererani nayo m'mbuyo cha ku bowo, pang'onopang'ono, zala ziwiri nthawi imodzi, mukumvetsera.

Pa bowo penipeni ndiye samalani. Anthu ambiri amaimika maiki pakamwa pa bowo ndendende chifukwa n'posavuta kufikira, ndipo sikuti n'kulakwa ayi, mawu ake amakhala onenepa bwino. Koma ikani dzanja pamenepo woimba akaponda, mudzamva mphepo ikukuwombani. Mpweya wonse wa mu ng'oma umathamangira pa kabowo kameneko. Ukawomba maiki mwachindunji mumamva "fuu, fuu" m'masipika, ndipo palibe EQ yochotsa zimenezo. Ndiye mutu wa maiki ulowe ndithu mkati, kupitirira chikopa masentimita angapo, kapena muipendeketse kuti mphepo izidutsa chammbali. Chinanso, isakhudze m'mphepete mwa bowo. Chikopa chimayenda, chikamakhudza maiki kapena ndodo ya sitandi mumamva kaphokoso konyansa, "trrr", ndipo mudzavutika kukasaka poganiza kuti sipika yang'ambika.

Mwina mufunsa kuti bwanji osaiika kunja, patsogolo pa ng'oma, monga mumaonera mu situdiyo. Mu situdiyo mulibe amplifaya ya bass pambali pa woimba, mulibe monita (sipika ya oimba) ikufuula, mulibe ma sub (masipika a mawu apansi) pansi pa siteji. Pa siteji chilichonse chimafuna kulowa mu maiki yanu. Ng'omayo ikakhala kuti yaivindikira maiki, imagwira ntchito ngati mpanda: snare (kang'oma kolira mokuthwa kaja) imachepa, ma cymbal (mbale zachitsulo zija) amachepa, bass imachepa. Komanso maiki ikayandikira gwero la mawu, simufunika gain yambiri, kukweza mphamvu ya maiki kuja, ndipo gain ikachepa feedback, kulira kwa masipika, imatalikira. Kulira kuja munakumana nako ndikukhulupirira kunachokera apa. Maiki inali kutali, munakweza gain, munawonjezera bass, ma sub ananjenjemeretsa chikopa cha kutsogolo, maiki inatola kunjenjemerako n'kukubwezera ku ma sub, ndiye zimangozungulira. Chikopa cha kick ndi chachikulu, chimamva mawu apansi a m'holo ngakhale palibe waponda.

N'chifukwa chake mkati mwa ng'oma simuyenera kukhala mopanda kanthu. Kapilo kamodzi kapena bulangete lopinda, likhudze pang'ono zikopa zonse ziwiri. Pang'ono ndithu, osati kudzaza ng'oma ngati thumba la zovala, mukatero mwaipha, yatsala "thu" wopanda moyo. Ndipo musagwire za mkatimo musanapemphe mwini wake. Ng'oma ndi ya woimba, ena anakhala masiku akuichuna kuti imveke mmene imamvekeramo. Mupempheni mwaulemu, mumuuze chimene mukumva kutsogolo, ambiri amavomera. Muyang'anenso bita yake. Ya felt, yansalu yofewa ija, imatulutsa mawu ofewa, ya pulasitiki kapena yamtengo imatulutsa "tak" wakuthwa. Mabita ambiri ali ndi nkhope ziwiri, kungoitembenuza basi vuto latha, inu simunagwire chilichonse.

Za mtundu wa maiki sindikhalitsapo, chifukwa mudzagwiritsa ntchito imene ilipo. Zotchuka pa kick ndi Shure Beta 52A, AKG D112, Audix D6, Sennheiser e602 ndi e902. Zonsezi ndi dynamic, mtundu wosafuna magetsi, zimapirira phokoso lalikulu, ndipo zinapangidwa kale ndi EQ yakeyake: pansi pokwezedwa, pamwamba pokwezedwa. D6 ndiye inachepetsedwa kwambiri pakati, mukangoilumikiza imamveka ngati yamikisidwa kale, ena amaikonda pa chimenecho, ena amadana nayo pa chomwecho. Chimene ndikufuna mudziwe ndi mbali imene maiki iliyonse siimva. D112 ndi D6 ndi cardioid, zimagontha kumbuyo kwenikweni. Beta 52A ndi supercardioid, kumbuyo kwenikweni imamvako pang'ono, imagontha chammbali cha kumbuyo. Ndiye mukamaika monita kapena amplifaya pafupi ndi kutsogolo kwa kick, dziwani kumene maiki yanu ikugonthera. Ndipo D112 ija, iyang'anitseni bwino, anthu amaiika chotembenuza. Ndinaonapo ikuyang'ana anthu m'malo moyang'ana chikopa, show yonse. Mukasowa zonsezi n'kutsala ndi SM57 kapena SM58, mamaiki wamba a Shure aja, musataye mtima, ilowetseni mkati pafupi ndi chikopa. Maiki yotere ikayandikira kwambiri imawonjezera yokha mawu apansi, sidzafanana ndi zinazo koma usiku udutsa.

Tsono nkhani ya mamaiki awiri, poti ndikudziwa mwaiona kwa anzathu a ma show akuluakulu. Amagoneka yafulati mkati, monga Shure Beta 91A kapena Sennheiser e901, pamwamba pa pilo, yoyang'ana chikopa cha kumbuyo. Imeneyo ndi ya "tak". Ndiye ina, monga Beta 52A, amaiika cha pa bowo, ya "duu". Ubwino wake ndi woti nyimbo ikasintha mumangosuntha ma fader, timabatani totsetsereka tokweza ndi kutsitsa maiki iliyonse, simugwira EQ. Yafulatiyo ndi ya mtundu wa condenser, imafuna phantom ya 48V, magetsi ochokera ku mikisa, musaiwale, mungaganize kuti yafa. Ndipo igone pa chofewa, isagone pa thabwa la ng'oma mwachindunji, imayendayenda n'kumagogoda.

Koma mamaiki awiri amabwera ndi msampha wake. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza masentimita 34 pa millisecond imodzi. Ngati maiki yakunja ili masentimita 30 kumbuyo kwa yamkati, mawu amaifikira mochedwa pafupifupi millisecond imodzi. N'kanthawi kochepa, koma mukaphatikiza ziwirizo mawu ena amadyana, kick imaonda m'malo monenepa. Ndiye kwezani yoyamba yokha, mumve. Onjezani yachiwiri. Ikanenepa, zili bwino. Ikaonda, dinani batani la polarity, lotembenuza mafunde a mawu, lija lili ndi chizindikiro cha ziro wodulidwa, pa tchanelo chimodzi chokha, mumvenso, musankhe komwe kuli thupi lambiri. Ngati mikisa yanu ndi ya digito, mutha kuika delay, kuchedwetsa mawu, pa yamkatiyo, cha pa millisecond imodzi, kuti zifike limodzi. Koma kunena zoona, achimwene, ngati nthawi ya sound check ndi yochepa, maiki imodzi yoikidwa bwino imaposa awiri amene akulimbana. Ine m'malo ang'onoang'ono ndimaika imodzi basi.

Nanga ng'oma yopanda bowo? Mudzakumana nayo, makamaka kwa a jazz ndi ena okonda mawu akale. Chonde musatenge mpeni. Imikani maiki patsogolo pa chikopa, zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pa chikopacho, osati pakatikati koma chammbali. Mudzapeza "duu" wokoma wozungulira, "tak" wochepa, ndipo nthawi zambiri ndi zimene mwini wake akufuna. Ngati nyimbo ikufunadi "tak", ikani ina kumbali ya woimba, pafupi ndi pedulo, yoyang'ana pamene bita ikumenya. Imeneyo idzatola snare yapansi ndi kulira kwa pedulo ngati ilibe mafuta, ndipo poti ili mbali ina ya chikopa muyenera kuyesa polarity ndithu. Ionetsetseninso kuti sikupinga phazi la munthu.

Mukamaliza zonsezi ndi pamene mubwerere ku mikisa. Ikani gain woimba akuponda mwamphamvu, musiye mpata, chifukwa anthu akadzaza amaponda kuposa pa sound check, onse amatero. Ukatoni uja munaudandaula umakhala cha m'ma 300 mpaka 500 Hz, chepetsani pamenepo kaye musanakweze chilichonse. Nthawi zambiri mukangochotsa pakatipo, "duu" ndi "tak" zimaonekera zokha. High-pass, sefa yodula mawu apansi kwambiri, muiike pansi, cha pa 30 kapena 40 Hz, kuti ma sub asavutike ndi zinthu zimene khutu silikuzimva bwino. Gate ndi yothandiza, imatseka maiki pakati pa kuponda ndi kuponda, feedback imasowa polowera. Koma muiike woimba akuponda mofewa, apo ayi nyimbo yodekha ikafika kick idzasowa, iye akuponda inu simukumva. Kenako muuzeni wa bass alowe, mumve awiriwo limodzi. Kick yokoma payokha ikhoza kumira bass ikalowa, ndipo ikamira, musathamangire kukweza 60 Hz, bwererani pa siteji mukakankhire maiki mkati zala ziwiri.

Kotsiriza, mangani zinthu. Ndikunena chifukwa zinandichitikira. Tsiku lina ndinaika bwinobwino, sound check yokoma, koma nyimbo yachitatu kick inayamba kumveka ngati yavala chipewa. Ndinapotokola EQ, ndinasintha gate, ayi ndithu. Popuma nditapita kukaona, ndinapeza ndodo ya sitandi yatsika, maiki yagona chafufumimba mu pilo. Nati sindinaimange. Ndiye mangani manati onse, ndodo isatalike kwambiri kuposa tsinde lake, mwendo umodzi wa sitandi ukhale pansi pa ndodoyo kuti isagwe. Chingwe chichoke pa bowo osakhudza chikopa, muchimate ndi tepi pansi, chifukwa woimba wa kutsogolo akamabwerera m'mbuyo sayang'ana. Onaninso ngati ng'oma ili pa kapeti ndipo miyendo yake yaluma bwino, apo ayi imayenda kutsogolo pang'onopang'ono mpaka chikopa cha kumbuyo chigunde maiki. Mukapeza malo amene akumveka bwino, matani katepi pansi pomwe pali miyendo ya sitandi, mujambulenso chithunzi pa foni, kuti bandi ina ikasuntha zinthu mubwezeretse msanga. Mukayesa kumapeto kwa sabataku munditumizire kachidutswa kojambula kuchokera ku mikisa, kick yokha kenako ndi bass, ndimve.