Ulesi ukakugwirani, kumbukirani amene adzakhale gadiyani wanu

[Wofotokoza wakhala pakhonde, wanyamula nsapato zothamangira]

Moni nonse. Januwale aliyense nsapato ngati izi zimayenda malonda pa kaunjika. Pofika Malichi zili kunsi kwa bedi, fumbi lokhalokha. Munthu anayamba kuthamanga n'cholinga chophwetsa mimba, wadziyang'ana pagalasi milungu ingapo, mimba ili pomwepo, basi wagwa ulesi. Lero tikambirane chifukwa china chomwe chingakudzutseni m'mamawa ngakhale m'chisanu cha Juni: anthu a m'nyumba mwanu.

[Pa sikirini: munthu 1 mwa anthu 3]

Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, unachita kafukufuku wotchedwa STEPS m'Malawi muno. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. BP nthawi zambiri simva kuwawa. Imawononga mitsempha, mtima ndi impso mwakachetechete, mpaka tsiku lina munthu wangogwa kubafa, mkono ndi mwendo zafa mbali imodzi, kukamwa kwapotoka.

Apa tichedwepo pang'ono. Bambo akagonekedwa ndi sitiroko, gadiyani amakhala ndani? Mayi amatseka geni yawo kumsika n'kumagona pa chitenje m'khonde la chipatala, m'mawa kukakoleza moto wa phala kukhitchini ya magadiyani. Akatuluka m'chipatala ndiye ntchito yayamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Kawirikawiri amene amatsala pakhomo ndi mwana wamkazi, ndipo kusukulu amayamba kujomba. Sindikunena kuti aliyense wodwala sitiroko anadzichititsa yekha, ayi, imagwira ngakhale anthu othamanga. Koma gawo lina la ngoziyi lili m'manja mwanu, ndipo wolipira mukalinyalanyaza si inu nokha.

Thupi likamayenda pafupipafupi, mtima umapopa magazi mosavutikira, mitsempha imamasuka, BP imatsikako. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi, n'chifukwa chake kuyenda kumathandiza kupewa matenda a shuga. Zonsezi zimachitika ngakhale sikelo isanasunthe, galasi lisanaone kanthu.

[Pa sikirini: mphindi 150 pa mlungu]

Malangizo a WHO a 2020 amati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za masewera apakatikati, kapena mphindi 75 mpaka 150 za masewera amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 30 masiku asanu zakwana. Apakatikati ndiye ati? Yendani mwandawala moti mukutha kuyankhula koma kuimba nyimbo kukukanika. Mlimi wogwira khasu, wakabaza wopalasa njinga ndi mayi wotunga madzi kudambo ambiri anapitirira kale muyezowu. Nkhaniyi ikukhudza ife okhala pampando tsiku lonse: muofesi, pa chiwongolero, kuseri kwa kauntala m'shopu, madzulo n'kukwera minibasi mpaka pakhomo.

Tsono chikondi chongokhala mumtima sichimanga zingwe za nsapato. Chimagwira ntchito mukachisandutsa pangano ndi munthu. Kudzinamiza wekha kuti ndiyamba mawa n'kosavuta, koma mwana wazaka zisanu ndi ziwiri amene munamulonjeza mpira 5 koloko, ataima pageti ndi chikulunga chake m'manja, simungamuuze za kutopa. Adzakukumbutsani mpaka mudzuka. Iyenso akupindula, chifukwa ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika pafupifupi mphindi 60 tsiku lililonse. Amayi, jingo ndi fulaye simunaiwale. Yesani kulowa pakati mphindi khumi, mudzamva m'mene mtima ukugundira.

Agogo musawasiye. A zaka 65 kupita m'tsogolo amafunikanso, masiku atatu pa mlungu, zowathandiza kuima molimba kuti asamagwe. Kudzuka pampando osagwira m'mbali, kukhalanso, kubwereza kangapo, mdzukulu akuwerenga mokweza, n'kokwanira poyambira.

Pakati pa bambo ndi mayi pamafunika luso. Mawu oti "Mimbayo mwaiona?" amangobala mkwiyo. "Bambo a Chisomo, tandiperekezani kumsika wapansi" amayendetsa munthu makilomita awiri asanazindikire. Ndipo mukayamba kutsikako thupi, dziwani kuti kunjaku ayamba kunong'ona, poti kwathu kuno kunenepa timakuyesa kupeza bwino, kuonda timakuyesa matenda. Ambiri amasiyira pamenepa. Banja likadziwa chimene mukuchita, lidzakuyankhirani lokha.

[Wofotokoza akuonetsa makina oyezera BP]

Musanayambe, kayezetseni BP kuchipatala chapafupi. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, tsatirani zimene adokotala akuuzeni, ndipo ngati muli pa mankhwala musasiye poti mwayamba kuyenda. Yambani ndi mphindi khumi, muziwonjezera mlungu ndi mlungu. Mukamva kuwawa pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosazolowereka, imani pomwepo, wina wa m'nyumba akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.